Ndalama Zanu Zagona pa Shelefu: Mmene Mungazidzutsire

Bizinesi ikhoza kumagulitsa tsiku ndi tsiku, m'mabuku n'kumaoneka kuti ikupindula, koma mwezi ukatha mwini wake n'kumasowa ndalama zolipirira antchito. Zikatere ambiri amathamangira kukasaka makasitomala atsopano kapena kukakongola kubanki. Kawirikawiri vuto silikhala kumeneko. Ndalamazo zilipo ndithu, koma zagona: zina zili m'makatoni amene akhala miyezi itatu osakhudzidwa, zina zili m'manja mwa ogula amene anatenga katundu pa ngongole, zina zili pamsewu, m'lole imene ikudikira zikalata.

Taiichi Ohno, injiniya amene anakonza kagwiridwe ka ntchito m'mafakitale a Toyota ku Japan nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ankafotokoza ntchito yake mwachidule kwambiri. Ankati iwo amangoyang'ana nthawi imene imadutsa kuchokera pamene kasitomala waoda kufikira pamene ndalama zalowa, n'kumaifupikitsa pochotsa chilichonse chimene sichiwonjezera kanthu pa katunduyo. Malangizo ali m'munsimu aima pa mfundo imeneyi, kaya muli ndi fakitale, sitolo yopikulitsa, kapena kabizinesi ka anthu atatu.

Tiyambe ndi masamu ochepa, kuti muone chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika. Tinene kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene mwagulitsa, 70 zimapita ku katundu ndi mayendedwe ake, 25 ku malipiro, lendi ndi magetsi, ndipo 5 ndiye phindu. Mukachepetsa 70 ija ndi 3 peresenti yokha, mwapulumutsa 2.1, ndipo phindu lachoka pa 5 kufika pa 7.1. Kuti mupeze 2.1 yomweyo pogulitsa zambiri, malonda anu ayenera kukwera ndi 7 peresenti, popanda kulemba wantchito wina kapena kulipira otsatsa malonda. Njira yoyambayo ili m'manja mwanu. Yachiwiriyo ili m'manja mwa msika.

1. Werengani masiku amene ndalama zanu zimakhala kunja

Musanasinthe chilichonse, pezani manambala atatu m'mabuku anu a miyezi 12 yapitayi.

Yoyamba ndi masiku amene katundu amakhala pa shelefu. Tengani ndalama zonse zimene munagulira katundu amene munagulitsa m'chakacho, mugawe ndi 365. Ngati zinali 3,650,000, ndiye kuti tsiku lililonse mumatulutsa katundu wa 10,000. Tsopano werengani sitoko imene muli nayo lero pa mtengo umene munagulira. Ikakhala ya 600,000, muli ndi katundu wa masiku 60.

Yachiwiri ndi masiku amene makasitomala amatenga kuti akulipireni. Ngati mumagulitsa za 15,000 pa tsiku ndipo ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu zakwana 450,000, amenewo ndi masiku 30. Yachitatu ndi masiku amene inuyo mumatenga kuti mulipire okugulitsani: ngongole ya 200,000 poigawa ndi 10,000 ija, masiku 20.

Phatikizani ziwiri zoyambazo, muchotse yachitatu: 60 kuphatikiza 30, kuchotsa 20, atsala masiku 70. Ndalama iliyonse imene mwalipira wokugulitsani imatha masiku 70 isanabwerere m'thumba mwanu. M'masiku amenewo mukudyera mpamba wanu kapena ngongole ya chiwongoladzanja. Ndipo apa pali chinthu chimene eni mabizinesi ambiri amachizindikira mochedwa: bizinesi yotere ikamakula, njala yake ya ndalama imakulanso. Malonda akawirikiza kawiri, ndalama zogona nazonso zimawirikiza kawiri.

Mbali yabwino n'njakuti masiku 15 okha ochotsedwa pa 60 aja amamasula 150,000, popanda kugulitsa chinthu chimodzi chowonjezera. Kampani ya makompyuta ya Dell inatchuka m'zaka za m'ma 1990 chifukwa inatembenuza nambala imeneyi mpaka kukhala yochepera pa ziro: inkapanga kompyuta munthu ataoda kale, n'kulandira ndalama zake isanalipire amene anaigulitsa zipangizo. Si bizinesi iliyonse ingafike pamenepo, koma iliyonse ingathe kutsitsa nambala yake. Ilembeni poonekera, pamodzi ndi deti.

2. Tsatirani oda imodzi ndi miyendo yanu

Sankhani oda imodzi yeniyeni, muitsatire kuyambira pamene yalowa mpaka ndalama zitalandiridwa. Musafunse a kapitawo mmene zimayendera, chifukwa adzakuuzani mmene ziyenera kuyendera. Pitani nokha, pepala ndi wotchi m'manja. Pa malo alionse lembani zinthu ziwiri: mphindi zimene munthu anagwiradi ntchito pa odayo, ndi nthawi imene odayo inangokhala ikudikira.

Zimene mudzapeze zidzakudabwitsani. Kulemba invoisi kumatenga mphindi 5, koma pepalalo limagona masiku awiri pa desiki kudikira siginecha. Kupakira kumatenga theka la ola, koma katoniyo imadikira galimoto ya Lachinayi. Pafupifupi kulikonse kumene anthu ayesa zimenezi, nthawi yodikira imaposa kutali nthawi yogwira ntchito. N'chifukwa chake kukalipira antchito kuti azifulumira sikusintha kanthu: mukufinya mphindi 5 zija, masiku awiri aja mwawasiya.

Ohno anatchula mitundu 7 ya zinthu zowononga: kupanga zoposa zimene zikufunika, kudikira, kunyamula katundu uku ndi uku popanda chifukwa, kugwira ntchito imene kasitomala sanaifune, kusunga sitoko yambiri, kuyendayenda kwa wantchito pofunafuna zida, ndi zolakwika zofunika kubwereza. Iye ankaona kuti choyambacho ndi choipa kuposa zonse, chifukwa chimabala zinazo n'kuzibisa. Mukamayenda, mndandandawu ukhale m'mutu.

Mukabwerera, funsani funso limodzi pa siteji iliyonse: tikaichotsa, kasitomala angadziwe? Siginecha yachitatu pa oda yaing'ono, kukopera manambala omwewo m'mabuku awiri, katundu woyenda kwambiri amene anaikidwa kumapeto kwenikweni kwa chipinda: zoterezi mungazikonze sabata yomweyo popanda kuwononga ndalama.

3. Gawani katundu wanu m'magulu atatu

Katundu yense safanana, ndipo kumusamala mofanana n'kutaya nthawi. Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, anaona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti malo ambiri m'dziko lake, pafupifupi 80 peresenti, anali m'manja mwa anthu pafupifupi 20 peresenti. Pambuyo pake Joseph Juran, injiniya wa ku America, anasonyeza kuti kusalingana kotereku kumapezekanso m'ntchito za mafakitale. Pa shelefu yanu si kuti mupeza 80 ndi 20 ndendende, koma mupeza kuti mitundu yochepa ndiyo imasenza ndalama zambiri.

Chitani chonchi. Pa mtundu uliwonse wa katundu, chulukitsani kuchuluka kumene munagulitsa m'chaka ndi mtengo wogulira. Sanjani kuyambira wamkulu kutsika. Ya pamwamba, imene pamodzi ikukwana pafupifupi magawo anayi mwa asanu a ndalama zonse, ndi gulu A. Yotsatira ndi B. Mchira wautali wotsalawo ndi C.

Gulu A muziliwerenga sabata iliyonse, muziliwoda pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo mitengo yake muzikambirana nokha. Gulu B kamodzi pa mwezi. Gulu C lisakudyereni nthawi: gwiritsani ntchito mabokosi awiri, loyamba likatha odani, uku mukugwiritsa ntchito lachiwiri. Kuwerenga pang'ono sabata iliyonse kumaposa kutseka bizinesi masiku awiri pakutha pa chaka, chifukwa chikasowa mumadziwa msanga, anthu akadakumbukira zimene zinachitika.

Chenjerani ndi chimodzi: kachipangizo kotchipa kamene kakasowa ntchito yonse imaima, kaikeni m'gulu A ngakhale masamu akukana.

Tsopano gawo lowawa. M'gulu C mudzapeza katundu amene sanasunthe miyezi 6 kapena chaka. Mtima umakana kumugulitsa motchipa chifukwa munamugula modula. Koma ndalama imene munalipira inapita kale, ndipo mwezi uliwonse akudya malo, akutha mphamvu, akutha fasho. Funsani wokugulitsani ngati angamulandire posinthana ndi wina, muphatikizeni ndi katundu woyenda, kapena dulani mtengo kamodzi mokwanira kuti achoke. Kudula pang'onopang'ono kumangotalikitsa maliro. Katundu amene ali ndi deti yothera ntchito, amene atha msanga ndiye azikhala kutsogolo, ngakhale anabwera pambuyo.

4. Khazikitsani lamulo la nthawi yooda ndi kuchuluka kooda

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapulumukira kapena kutayikira, choncho tikhalapo pang'ono. Mabizinesi ambiri amaoda pa zifukwa ziwiri zoipa: shelefu yaoneka yopanda kanthu, kapena wogulitsa wabwera ndi mawu okoma. M'malo mwake, mtundu uliwonse wa gulu A ndi B ukhale ndi manambala awiri olembedwa.

Yoyamba ikuyankha funso lakuti tioda liti. Chulukitsani zimene mumagulitsa pa tsiku ndi masiku amene katundu amatenga kuti afike. Ngati mumagulitsa 20 pa tsiku ndipo amafika pakatha masiku 10, sitoko ikatsika kufika pa 200 nthawi yooda yakwana. Masiku 10 amenewa akhale ochokera m'mabuku anu olandirira katundu, osati amene wogulitsa analonjeza, ndipo muwerengere kuyambira tsiku limene munaona kuti pakufunika kuoda mpaka tsiku limene katundu anakhala pa shelefu wokonzeka kugulitsidwa.

Koma masiku safanana, ndipo malole amachedwa. Pafunika sitoko yapadera yodzitetezera. Njira yosavuta ndi iyi: tengani tsiku limene munagulitsa kwambiri, tinene 28, ndi ulendo umene katundu anachedwa kwambiri, tinene masiku 14. Kuchulukitsa kwake ndi 392. Kusiyana kwa 392 ndi 200, komwe ndi 192, ndiye chitetezo chanu. Kunena zoona njirayi imapyola muyezo, chifukwa si kawirikawiri zoipa ziwirizi kugwa pamodzi kwa masiku 14 otsatizana. Isungireni katundu amene kusowa kwake kungakuthamangitsireni kasitomala. Pa wina yense theka lake likwana. Onaninso chimene chakulitsa nambalayi: wogulitsa akanasunga masiku 10 aja, chitetezo chikanakhala 80 basi, osati 192. Wogulitsa wosasunga nthawi mumamulipira kawiri, pa invoisi ndi pa shelefu.

Nambala yachiwiri ikuyankha funso lakuti tioda zingati. Injiniya wina wa ku America, Ford W. Harris, anasindikiza njira yowerengera zimenezi mu 1913, ndipo ikugwirabe ntchito. Ganizo lake ndi lakuti pali ndalama ziwiri zokokana. Kuoda kulikonse kuli ndi mtengo wake: thiransipoti, nthawi ya wooda, kutsitsa ndi kuyendera katundu. Kusunga nakonso kuli ndi mtengo: chiwongoladzanja cha ndalama zogonazo, malo, inshuwalansi, zowonongeka ndi zobedwa. Mukaoda zambiri nthawi imodzi, yoyamba imatsika, yachiwiri imakwera.

Tinene kuti mumagulitsa zinthu 7,200 pa chaka, chilichonse mumagula pa 100, kuoda kamodzi kumadya 500, ndipo kusunga chinthu chimodzi chaka chathunthu kumadya 20. Chulukitsani 2 ndi 7,200 ndi 500, mugawe ndi 20: mupeza 360,000. Nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 360,000 ndi 600. Ndiye kuti muzioda 600, maulendo 12 pa chaka. Kuoda kudya 6,000, kusunga kudyanso 6,000 popeza pa shelefu pamakhala pafupifupi theka la oda nthawi zonse, zonse pamodzi 12,000. Musavutike ndi kulondola kwenikweni: mutaoda 800 chifukwa ndiye zodzaza galimoto, zonse zingakwane 12,500 basi.

Phindu lenileni la masamuwa limaoneka tsiku limene wogulitsa wakuuzani kuti, "Mukatenga 3,600 nthawi imodzi ndikuchotserani 2 peresenti." Zikumveka bwino: 2 peresenti ya 720,000 ndi 14,400. Koma tsopano pa shelefu pazikhala zinthu pafupifupi 1,800, ndipo kuzisunga kudya ndalama zoposa 35,000, kuphatikizapo 1,000 ya maoda awiri. Mwawonjezera ndalama zoposa 24,000 kuti mupulumutse 14,400. Walira mvula walira matope. Yankho labwino kwa wogulitsayo ndi lakuti: "Ndilonjeza kugula 7,200 chaka chino, mundipatse mtengo umenewo, koma muzindibweretsera 600 mwezi uliwonse." Ambiri amavomera, chifukwa chimene akufuna kwenikweni ndi kutsimikiza kuti muli nawo chaka chonse.

5. Pezani pamene ntchito imatsamwa

Mzere uliwonse wa ntchito uli ndi malo amodzi opapatiza kuposa ena onse, ndipo malo amenewo ndiwo amalamula kuchuluka kwa zimene bizinesi yonse ingatulutse. Eliyahu Goldratt, wa ku Israel, amene anaphunzira sayansi ya fizikisi asanalowe m'nkhani za mafakitale, anaifalitsa mfundoyi m'zaka za m'ma 1980.

Taganizirani malo osokera zovala pamene odula amadula 60 pa ola, osoka amasoka 30, opakira amatha 50. Pakhomo pamatuluka 30 basi. Mukagula makina odulira othamanga, mwangokulitsa mulu wa nsalu zodikira. Kupeza malowa n'kosavuta: ndi pamene pali mulu kutsogolo kwake, pomwe a pambuyo pake amakhala manja lende. Nthawi zina si makina. Ndi munthu mmodzi amene chilichonse chimadikira chilolezo chake, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi mwini bizinesi.

Musanagule chilichonse, finyani malowo. Asamaime pa nthawi ya nkhomaliro: anthu azisinthana. Zolakwika zizigwidwa zisanafike pamenepo, kuti ola lake lisathere pa chinthu chimene chidzatayidwe. Wosoka asamadzukire ulusi kapena kunyamula mitolo. Wina wa mbali imene ili ndi nthawi achite zimenezo. Ndipo odula auzeni kuti azidula molingana ndi liwiro la osoka, ngakhale zitanthauze kuti nthawi zina akhala pansi. Izi zimawawa m'maso mwa bwana amene anazolowera kuona aliyense ali jijirijijiri, koma wantchito wopanga zinthu zimene sizingadutse akungosandutsa ndalama zanu kukhala mulu. Mukakulitsa malowo, kutsamwa kumasamukira pena, kutsatireni.

6. Yesani okugulitsani ndi muyezo, osati ndi mtengo wokha

Tsegulani tsamba la wogulitsa aliyense wamkulu. Katundu akafika lembani zinthu zitatu: wafika pa tsiku lolonjezedwa kodi, wafika wokwanira kodi, ndi angati anali owonongeka. Pakatha miyezi itatu mukhala ndi umboni, ndipo kukambirana kokhala ndi pepala patebulo kumasiyana kwambiri ndi kudandaula pa foni. Poyerekeza ogulitsa awiri, werengerani mtengo wa katundu atafika pa shelefu yanu: mtengo wogulira, thiransipoti, msonkho wa pachipata ngati akuchokera kunja, zowonongeka, ndi sitoko yodzitetezera imene kuchedwa kwake kumakukakamizani kusunga. Wotchipa pa invoisi nthawi zambiri amathera pa nambala yachiwiri.

Kodi mukhale ndi wogulitsa mmodzi kapena angapo? Pa zinthu wamba, ochepa ndi abwino: mumagula zambiri kwa aliyense, mawu anu amalemera, mapepala amachepa. Koma pa chinthu chimene chingaimitse bizinesi yonse, mmodzi ndi ngozi. Pa 1 February 1997 moto unawononga fakitale ya Aisin ku Kariya, ku Japan, imene inkapangira Toyota pafupifupi mavavu onse a mtundu wina wa mabuleki. Toyota inali ndi sitoko ya masiku ochepa chabe, ndipo mafakitale ake anaima. Chimene chinaipulumutsa ndi ubale: makampani ena ambiri ogwira nayo ntchito anagawana mapulani a kachipangizoko n'kuyamba kukapanga, moti pasanathe sabata magalimoto anayambanso kutuluka. Chivomezi cha ku Japan cha mu 2011 chitasokonezanso ntchito yake, Toyota yomweyi, imene dziko lonse limaidziwa ndi kusasunga sitoko, inauza ena mwa oigulitsa kuti azisunga tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto tokwanira miyezi ingapo.

Ndiye musamve molakwa nkhani yochepetsa sitoko. Chepetsani pa zimene mungazipeze mawa. Sungani pa zimene zikasowa mungadikire miyezi. Amene anali ndi katundu pa nyanja mu March 2021, pamene sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6, anaona okha kuti njira imodzi ikatsekeka, onse odalira njirayo amaima pamodzi. Pa chinthu chilichonse chofunika kwambiri, dziwani wogulitsa wachiwiri, ndipo muzimugulako pang'ono nthawi ndi nthawi kuti tsiku la mavuto asadzakuoneni ngati mlendo.

7. Uzani okugulitsani zimene mukugulitsadi

M'zaka za m'ma 1990 akuluakulu a kampani ya Procter & Gamble anaona chinthu chachilendo pa matewera awo a Pampers. Makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ochokera kwa opikulitsa ankakwera ndi kutsika kwambiri, ndipo maoda a kampaniyo kwa oigulitsa zipangizo ankasinthasintha koposa pamenepo. Jay Forrester wa ku yunivesite ya MIT ku America anali atalongosola kale khalidweli cha m'ma 1961, ndipo mu 1997 Hau Lee wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anatchula zoyambitsa zake zinayi: aliyense amalosera potengera maoda a womutsatira m'malo mwa malonda enieni, anthu amaunjika maoda n'kutumiza kamodzi, kutsitsa mitengo kwa kanthawi kumachititsa ogula kugula zambiri n'kusowa miyezi yotsatira, ndipo katundu akamasowa aliyense amaoda moposera poopa kupatsidwa zochepa.

Mankhwala ake ndi otchipa. Tumizirani okugulitsani akuluakulu manambala a zimene mwagulitsa sabata iliyonse. Mukakonza zotsitsa mitengo, auzeni nthawi ikadalipo. Makasitomala anu akuluakulu muwapemphe zomwezo. Ndipo katundu akasowa pa msika, musaode kawiri kwa anthu awiri: tsiku lina zonse zidzafika pamodzi.

8. Mayendedwe

Apa mfundo ndi zochepa. Katundu amadya ndalama nthawi iliyonse imene manja amugwira, ndiye chepetsani kupakira ndi kutsitsa. Ndi nzeru yomweyi imene Malcom McLean anayambitsira makontena mu 1956, pamene sitima ya Ideal X inanyamula makontena 58 kuchoka ku Newark kupita ku Houston, madoko a ku America. Ikani masiku okhazikika operekera katundu m'dera lililonse m'malo mothamangitsa galimoto pa oda iliyonse. Werengani mtengo wa ulendo pa katoni imodzi, osati pa ulendo wonse. Galimoto yobwerera yopanda kanthu ifunireni katundu, ngakhale wa bizinesi ina. Ndipo oda yaing'ono imene phindu lake silikwana mafuta, ikireni malire kapena mtengo wobweretsera.

9. Fulumizitsani zolowa, konzani zotuluka

Invoisi izituluka tsiku lomwe katundu watuluka, yopanda cholakwika, chifukwa invoisi yolakwika imapatsa wolipira chifukwa chabwino chodikirira mwezi wina. Sanjani ngongole potengera msinkhu: zosakwana masiku 30, za pakati pa 30 ndi 60, zopyola 60. Imbani foni tsiku lolipira lisanafike, osati litadutsa. Kasitomala amene wapyola malire asatengenso katundu, ngakhale ndi wakale. Malonda osalipidwa si malonda.

Kwa okugulitsani, pemphani masiku ochulukirapo poyera, ndipo mukagwirizana musaphonye. Kuchedwetsa dala malipiro a wogulitsa wamng'ono kumabwerera kwa inu ngati mtengo wokwera kapena katundu wochedwa. Wina akakupatsani mwayi wochotsera 2 peresenti mukalipira m'masiku 10 m'malo mwa 30, werengani bwino: 2 peresenti pa masiku 20 ikufanana ndi pafupifupi 37 peresenti pa chaka. Ngati chiwongoladzanja cha ngongole yanu ya kubanki chili chotsika kuposa pamenepo, landirani. Pa chifukwa chomwecho, ganizani kawiri musanapereke mwayi wotere kwa makasitomala anu.

10. Manambala ochepa, sabata iliyonse

Mapulogalamu a pa kompyuta ndawasiyira kumapeto mwadala. Pulogalamu imathamangitsa dongosolo limene yalipeza. Ikapeza chisokonezo, imathamangitsa chisokonezo. Yambani ndi buku kapena Excel mpaka manambala a m'buku azigwirizana ndi zimene zili pa shelefu. Pamenepo makina owerenga barcode (timizere takuda tosindikizidwa pa katundu), amene anayamba kugwira ntchito m'sitolo ku Troy, Ohio, ku America, mu 1974 ndipo lero foni wamba imatha kuchita ntchito yake, adzakuchotserani zolakwika za kulemba pamanja.

Sankhani manambala osapitirira asanu: masiku a sitoko, maoda amene anafika kwa kasitomala pa nthawi yake ndiponso okwanira, kangati kasitomala anafuna chinthu cha gulu A n'kupeza chatha, ngongole zopyola masiku 60, ndi katundu wobwezedwa. Tsiku limodzi pa sabata, ogula, osunga katundu, ogulitsa ndi a ndalama akumane kwa mphindi 20, ataimirira. Anthu amenewa amakokera kosiyana: wogula amatamandidwa akapeza mtengo wotsika, wogulitsa amafuna shelefu yodzaza, wa ndalama amafuna yopanda kanthu. Akapanda kuona manambala amodzi, aliyense amapambana payekha bizinesi ikuluza.

Nambala ikaipa, musafunse kuti walakwa ndani, chifukwa sabata yotsatira anthu adzabisa. Funsani kuti "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza, monga ankachitira ku Toyota, mpaka mufike pa chinthu chimene mungachikonze. Oda yachedwa chifukwa katundu anatha. Anatha chifukwa tinaoda mochedwa. Tinaoda mochedwa chifukwa buku linkasonyeza 300 pomwe pa shelefu panali 120. Buku linanama chifukwa katundu wotuluka Loweruka salembedwa. Salembedwa chifukwa buku limatsekeredwa mu ofesi Lachisanu madzulo. Ichi ndiye chokonza sabata ino: kiyi wachiwiri, kapena buku lisamukire pakhomo potulukira katundu. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi, mulembe amene achite ndi tsiku lomalizira, ndipo pakatha miyezi itatu muwerengenso masiku a ndalama zanu pogwiritsa ntchito njira yomweyo imene munawerengera poyamba.